Khungu Langa Linkachira ku Hewe, N'kumadwala ku Boma

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga maumboni pano. Dzina langa ndine Lusungu, kwathu ndi ku Hewe m'boma la Rumphi. Ine si munthu wolankhulalankhula, ndipo akanati ndiimirire kutsogolo kwa mpingo kuti ndinene zimenezi, sindikanatha. N'chifukwa chake ndasankha kulemba. Mundikhululukire pamene Chichewa changa chapendekera ku Chitumbuka, poti ndinachiphunzira kusukulu ndi m'nyumba ya anthu amene ndikufuna kukuuzani za iwo. Vuto langa linali la khungu. Ndinatuluka zidzolo zoyabwa zimene zinatsala pang'ono kundilanda sukulu, koma Mulungu anandilanditsa m'njira imene mpaka lero ndikaikumbukira ndimaseka ndekha.

Nditamaliza Sitandade 8 pasukulu ya kumudzi kwathu, dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita kusekondale. Ndinakhala pakhomo n'kumathandiza Amama kumunda wa chimanga ndi wa fodya, komanso kusamala ang'ono anga awiri, Wezi ndi Tamara. Mtima unkandiwawa ndikaona anzanga atavala yunifolomu, koma sindinkauza munthu. Nthawi imeneyo kudera kwathu kunkabwera mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto. Kwawo kunali ku Ntcheu koma ntchito inawabweretsa ku Rumphi boma, ndipo tonse tinkawatchula abambo a Dalitso. Tsiku lina anauza Amama kuti akazi awo ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo akusowa mtsikana woti azikhala ndi mwana m'mawa. Anati masana mtsikanayo azipita kusekondale imene imalandira ophunzira a masana, ndipo iwo azimulipirira. Amama anavomera atapemphera. Pondiperekeza anandilangiza zinthu zambiri, koma chimene anabwerezabwereza chinali chakuti ndizithokoza pa chilichonse chimene ndapatsidwa, ndipo ndisakawachititse manyazi.

Amayi a Dalitso anandilandira ngati mng'ono wawo. Anali mayi wansangala, woseka mokweza, wosiyana kwambiri ndi ine. Anandionetsa chipinda changa, kenako anandipatsa mphatso: botolo la mafuta odzola, amtundu wa pinki, onunkhira ngati maluwa. Anali mafuta omwewo amene iwo ankadzola, ndipo khungu lawo linali losalala bwino. Anati mtsikana wa kusekondale asamaoneke mbuu ngati wachokera kuchigayo. Kwathu ndinkadzola mafuta oyera aja opanda fungo, ndipo akatha ndinkaba kadontho ka mafuta ophikira. Botolo limeneli linali chinthu choyamba chokongola chimene chinali changachanga. Ndinkadzola m'mawa ndikasamba, n'kudzolanso masana popita kusukulu, ndipo sindinkaumira. Ndinkafuna kuti amayi akamadutsa azimva okha kuti mphatso yawo ndaiyamikira, poti pakamwa ndinkalephera kunena zambiri. Akati, “Lero ndiye wanunkhira, Lusungu,” tsiku limenelo ndinkayenda mopepuka.

Patapita masabata angapo ndinayamba kumva kuyabwa m'kati mwa zigongono ndi m'khosi. Kenako kuyabwako kunafika kuseri kwa mawondo ndi m'masaya. Khungu linayamba kuuma, kuda ndi kung'aluka, ndipo pena pankatuluka timatuza tamadzi. Amene anakhalako ku Rumphi boma akudziwa mphepo ya kumeneko, mmene imawombera ndi fumbi pakati pa mapiri aja. Ine ndinaganiza kuti mphepoyo ndi imene ikundiumitsa khungu, choncho ndinawonjezera mafuta. Amayi a Dalitso ataona mikono yanga anaganizanso chimodzimodzi. Anandimvera chisoni, ndipo atalandira malipiro anandigulira botolo lina lalikulu kuposa loyamba lija. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Zinthu zitafika poipa, amayi oyandikana nafe nyumba anabwera kudzaona, ndipo onse anagwirizana kuti ndi mphere. Mawu amenewa anasokoneza nyumba yonse. Tinabwereka mgolo n'kuwiritsa zovala za aliyense, mabulangeti ndi makatani omwe. Matiresi ankakhala padzuwa tsiku ndi tsiku. Buluku labwino la abambo a Dalitso linafupika chifukwa cha madzi owira, moti ankapita kuofesi akakolo ali pamtunda, n'kumanena kuti anzawo akuwafunsa ngati alowanso Sitandade 5. Anandigulira mankhwala a mphere kugolosale, ndipo ndikapaka ankandiotcha ngati tsabola. Ndikatsuka mankhwalawo ndinkadzola mafuta anga aja kuti pazizire.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Dalitso anamuchotsa kumsana kwanga. Amayi ake anandiuza mwaulemu kuti kwa kanthawi azikhala kwa mayi wina woyandikana nafe, mpaka nditachira. Mwanayo akandiona ankatambasula manja kuti ndimunyamule, ine n'kumabwerera m'mbuyo. Ndinayamba kudzifunsa kuti nanga ndikukhaliranji m'nyumba muno ngati ntchito imene ndinabwerera sindikuigwira. Kusukulu ndinkavala juzi ya manja aatali ngakhale dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndipo mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi anasamukira kumbuyo. Kutchalitchi kwathu tili ndi mwambo wopatsana moni wa pamanja pakhomo tikamatuluka. Ine ndinkanyamula chikwama cha amayi kudzanja lina, ambulera kudzanja linalo, kuti ndisowe dzanja lopereka.

Pampingopo panali mayi wina wachikulire, a NyaMhango, amene anagwira ntchito ya unamwino kuchipatala cha mishoni mpaka kupuma. Ankavala magalasi okhuthala, sankaseka wamba, ndipo nthawi zonse ankakhala pafupi ndi windo. Ndinaona kuti ndikangoyandikira pamene ali, ankatseka mphuno ndi mpango, kuyetsemula, n'kusuntha. Ndinatsimikiza mumtima kuti zilonda zanga zayamba kununkha, ndipo poti iwo ndi namwino akumva zimene ena sakumva. Nditawauza amayi a Dalitso anati ndisadandaule, chifukwa nawonso mayiyo amawathawa chimodzimodzi chibwerereni ku Rumphi. Iwo ankaganiza kuti mwina a NyaMhango sakonda alendo ochokera ku Ntcheu. Kuyambira pamenepo tonse awiri tinkawalambalala.

Tchuthi chitafika anandilola kukaona Amama. Polongedza chikwama ndinalinyamula botolo lija, kenako ndinalibwezera pawindo. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, ndinkawadziwa Wezi ndi Tamara, kuti akangoliona silidutsa Lamlungu lisanathe. Chachiwiri, ndinkaopa kufika pamjigo wa kwathu ndikununkhira maluwa, chifukwa amayi a kumeneko akanayamba kukodolana kuti mwana wa uje wapita kuboma dzulodzuloli, lero wasanduka dona. Ndinafika ku Hewe ndili mbuu ngati kale, ndi zidzolo thupi lonse. Amama atandiona analira. Koma chodabwitsa n'chakuti ndili kumeneko kuyabwa kunayamba kuchepa, ming'alu inatsekeka, ndipo pobwerera khungu linali litayamba kusalala. Amama anati ndi madzi a kwathu. Amayi a Dalitso anati mankhwala a mphere aja agwira ntchito mochedwa. Tonse tinathokoza Mulungu, ndipo m'mawa mwake ndinasamba n'kudzola mafuta anga mosangalala.

Sipanatenge nthawi, zidzolo zinabwerera, mwinanso kuposa poyamba. Tchuthi chotsatira ndinapitanso kwathu, botolo n'kulisiyanso pawindo pazifukwa zomwe zija, ndipo ndinachiranso. Apa Amama sananenenso za madzi. Anakhala pansi ndi azakhali anga, ndipo anagwirizana kuti matenda ochira kumudzi n'kumayambanso kuboma si matenda wamba. Anati nyumba imeneyo ikundikana, ndiye kuti pali wina kumeneko amene sakundifunira zabwino. Ndinayesa kunena kuti anthu aja amandikonda, koma mawu anga ndi ochepa, ndipo khungu langa linkachitira umboni mbali yawo. Ndinawapempha kuti ndibwerere ndikamalize chaka, ndipo anandilola monyinyirika. Zidzolo zitayambanso, Amama anaimbira foni abambo a Dalitso. Analankhula mwaulemu wonse, kuthokoza pa zonse, koma anapempha kuti mwana wawo abwerere.

Amayi a Dalitso anamva chimene chinali kuseri kwa ulemuwo. Kuseka kwawo kunatha m'nyumba muja. Anandiitana n'kundiuza kuti pakutha pa mwezi abambo akanditula kwathu, chifukwa sakufuna kuti mayi mnzawo azigona akuganiza kuti mwana wake akuchitidwa chipongwe m'manja mwawo. Polankhula zimenezi maso awo anali ofiira. Ine ndinangoti, “Chabwino, amayi,” ngakhale mumtima munalibe chabwino chilichonse. Ndinadziwa kuti ndikapita ku Hewe sukulu yathera pomwepo, ndipo ndibwerera kukasoka fodya m'chigafa.

Masiku amenewo ndinkapemphera ndikusesa pabwalo m'mawa, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ndinkakhala ndekha. Poyamba ndinkapempha kuti ndichire. Kenako ndinatopa, ndipo pemphero langa linasintha. Ndinayamba kuuza Mulungu kuti ngati sindichira, andionetse chabe chimene chikundidwalitsa, kuti amayi awiri amene ndimawakonda asadane chifukwa cha ine, ndiponso kuti sukulu yanga isafe. Sindinamve mawu alionse, ndipo palibe chimene chinasintha. Ndinayamba kutsanzikana ndi aphunzitsi anga mumtima, ndikuyang'ana bolodi ngati munthu amene sadzalionanso.

Lamlungu lomaliza ndisanachoke, ndinaganiza zoti ndikatsanzike mpingo ndikuoneka bwino. Ndinadzola mafuta ochuluka kuposa masiku onse, poti ndinkadziwa kuti botolo ndilisiya ndipo sindidzalionanso. Tinachedwa kunyamuka chifukwa Dalitso anaponya nsapato ya amayi ake m'ndowa ya madzi. Linali tsiku la Mgonero, ndipo tinapeza tchalitchi chitadzaza. Amayi a Dalitso anapeza malo kumbuyo. Ine mkulu wa mpingo anandilondolera kutsogolo, n'kundilozera kampata kamodzi kamene kanatsala. Kampatako kanali pambali pa a NyaMhango. Ndinafuna kukana, koma ine kukana munthu wamkulu sindidziwa. Ndinakhala. Kumbali inayo kunali khoma, choncho ulendo uno a NyaMhango analibe kothawira.

Anayamba kuyetsemula tisanamalize nyimbo yoyamba. Anayetsemula pa pemphero, anayetsemula pa zolengeza, ndipo pofika pa ulaliki misozi inali ikuyenderera pansi pa magalasi. Abusa ankati akafika pa mfundo yaikulu, a NyaMhango n'kuyetsemula ngati akuvomereza. Pomaliza abusa anaima n'kunena kuti, “Yewo, amama, tamva,” ndipo mpingo wonse unaseka. Ine ndinaweramitsa mutu, thukuta lili kamukamu m'juzi muja. Ndinkadziwa kuti chikuwavutitsa ndi fungo la matenda anga, ndipo ndinafunsa Mulungu chifukwa chake wandichititsa manyazi chonchi pa tsiku langa lomaliza.

Mapemphero atatha ndinafuna kuzemba, koma dzanja lolimba linandigwira pamkono. Anali a NyaMhango. Anandikokera panja pansi pa mtengo, n'kuima mbali imene mphepo inkachokera.

“Mwana wane, kodi iwe umadzola chiyani?” anandifunsa.

Ine sindinamvetse funsolo. Ndinayamba kupepesa kuti zilonda zanga zawasowetsa mtendere, ndipo ndinawalonjeza kuti sadzavutikanso chifukwa ndikubwerera kwathu.

“Zilonda zako sizinunkha,” anatero akupukuta mphuno. “Chikundipha ine ndi munda wa maluwa umene wadzithirawu. Tavula juziyo ndione.”

Anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi n'kutsegula windo. Anayang'ana mikono, khosi ndi kuseri kwa mawondo. Anatambasula zala zanga n'kuona kuti pakati pake palibe kanthu, ndipo anati mphere imakonda kubisala mmenemo. Anandifunsa ngati pali wina m'nyumba amene akudzikanda. Ndinati palibe, ngakhale Dalitso amene ankakhala kumsana kwanga poyamba paja. Kenako anandiuza kuti nditembenuke, n'kukweza bulawuzi yanga. Anagwira pakati pa msana ndi chala, n'kundifunsa ngati dzanja langa limafika pamenepo podzola. Ndinayesa, ndipo silinafike. Anati pamenepo pokha ndi pamene khungu lili losalala ngati la khanda.

Apa ndinayamba kuwauza za ku Hewe, kuti ndikapita kwathu ndimachira, ndipo chifukwa cha zimenezi Amama akuganiza kuti nyumba ya kuboma ili ndi kanthu. Anandifunsa ngati mafutawo ndimapita nawo kwathu. Nditafotokoza za Wezi ndi Tamara ndi amayi a pamjigo, a NyaMhango anakhala pa benchi n'kuseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwaona mano.

Atapuma anandifunsa mafunso amene ndinkaona ngati sakugwirizana ndi khungu. Anafuna kudziwa ngati kwathu alipo wa mphumu. Ndinati Amama amabanika pachifuwa nthawi yozizira, komanso tikamasankha fodya wouma m'chigafa. Anafunsa ngati ine ndimadwala chimfine chosamveka mutu wake. Ndinakumbukira kuti chimanga chikamamasula ngayaye ndimayetsemula kosalekeza, maso n'kumayabwa, koma thupi osatentha. Ndinakumbukiranso kuti Amama amanena kuti ndili khanda ndinkatuluka zidzolo m'masaya. A NyaMhango ankangogwedeza mutu. Anati zonsezi ndi za banja limodzi, ndipo dzina lake ndi ziwengo. Pali anthu amene thupi lawo limaona chinthu chosaopsa, monga fumbi, mungu wa chimanga kapena fungo la m'mafuta, n'kuyamba kulimbana nacho ngati mdani. Kwa ena nkhondoyo imaonekera m'mphuno monga iwo, kwa ena pachifuwa monga Amama, kwa ena pakhungu monga ine, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zingapo. Anati zimayenda m'magazi a pabanja, koma sizipatsirana pogwirana chanza kapena pobereka mwana. Pofuna kutsimikiza anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Kenako anati ndisangokhulupirira za iwo okha, ndipite kuchipatala akandione bwino, koma mafutawo ndisiye tsiku lomwelo.

Mwina mukuganiza kuti ndinadumpha ndi chimwemwe. Ayi, ndinagwidwa ndi mantha atsopano. Ndikanawauza bwanji amayi a Dalitso kuti mphatso yawo, imene anandipatsa ndi mtima wonse mpaka kugula botolo lachiwiri, ndi imene yandidwalitsa? Amama anandiphunzitsa kuthokoza, osati kubweza mphatso. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti kuli bwino ndingopita kwathu mwakachetechete. Ndinapempha a NyaMhango kuti akanene ndi iwo. Anakana. Anati andiperekeza, koma pakamwa pakhale panga, chifukwa moyo wanga wonse ndidzafunika kumauza anthu zimene thupi langa limakana, ndipo ndiyambe lero.

Tinapeza amayi ndi abambo a Dalitso atakhala pakhonde. Anadabwa kuona mlendo amene ndinabwera naye. A NyaMhango anapereka moni ali chapatali, n'kukana mpando. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botolo lija, ndinagwada patsogolo pa amayi, ndipo mumtima ndinati Ambuye ndigwireni lilime.

“Amayi, mphatso yanu ndinaikonda chomene, ndipo ndikuikondabe. Koma thupi langa silikugwirizana nayo. Si mphere, si nyumba yanu, si inu. Ndi mafutawa.”

Ndinafotokoza za msana, za ku Hewe ndi za botolo lotsala pawindo. Amayi a Dalitso anayang'anitsitsa botololo, ndipo ine ndinkadikira kuti akhumudwe. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana a NyaMhango, amene anali ataima kumapeto kwa khonde mpango uli pamphuno.

“Ndiye inu amama, mumandithawa chifukwa cha mafuta?”

“Nanga mumayesa chiyani?” anayankha a NyaMhango. “Windo lija mumaona ngati ndimakhalirapo kuti ndizionera mapiri?”

Amayi a Dalitso anaseka kuseka kwawo kuja kumene kunasowa m'nyumba, kuseka kosakanikirana ndi misozi. Anandidzutsa pamene ndinagwada n'kundikumbatira, osaopa zidzolo. Abambo a Dalitso anayang'ana akakolo awo n'kufunsa kuti nanga buluku lawo linafera chiyani.

M'mawa mwake amayi anapempha chilolezo kusukulu kwawo n'kupita nane kuchipatala, botolo lili m'chikwama. Adokotala anandiyang'ana, anafunsa mafunso ofanana ndi a a NyaMhango, ndipo anati zikuoneka kuti ndi ziwengo ndithu. Anandipatsa mankhwala opaka pa zilonda ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa. Anandilangiza kuti ndizidzola mafuta oyera opanda fungo, ndizisamba sopo wosanunkhira, ndiziwenga zikhadabo ndipo ndisamakande. Anandiuzanso zoona, kuti khungu lotere silisinthiratu, likhoza kudzavutanso likakumana ndi chimene limadana nacho, choncho ndiziphunzira kulimvetsera. Pang'onopang'ono ming'alu inatseka ndili kuboma komweko, m'nyumba yomwe ija, ndikumwa madzi omwe aja. Tsiku limene amayi anandipatsa nsalu n'kunena kuti ndimubereke Dalitso, mwanayo anandikoka makutu njira yonse ya kumsika, ndipo sindinamuletse.

Panatsala Amama. Pafoni sanakhutire, anati anthu ophunzira sasowa chonena. Mwezi unali kutha, ndipo iwo ankandidikirabe ndi katundu wanga. Amayi a Dalitso anaganiza zopita okha ku Hewe, kumene anali asanafikeko. Tinakwera galimoto ya matola Loweruka, ine wopanda katundu, iwo atasamba osadzola kanthu. Amama anawalandira ndi ulemu wozizira, ndipo azakhali anakhala pambali manja atapinda. Ndinaonetsa mikono yanga kuti aone kuti ndachirira kuboma. Ndinafotokoza ndekha zonse, za mphumu yawo, za chimfine changa cha nthawi ya ngayaye, ndi za masaya anga ndili khanda. Nditamaliza, Amama anatambasula dzanja kuti aone botolo limene likunenedwalo. Ndinawachenjeza kuti asanunkhize, koma anali atatsegula kale n'kuliika pamphuno.

Anayetsemula mpaka duku linasunthika, kenako anayamba kutsokomola, n'kutuluka panja kukapuma mpweya. Atabwerera maso ali misozi, analoza botololo n'kufunsa azakhali m'Chitumbuka kuti kodi mfiti imene takhala tikuiopa ndi imeneyi, yapinkiyi? Azakhali anayang'ana kumbali, ndipo Amama anayamba kuseka. Anagwira dzanja la amayi a Dalitso n'kupepesa, ndipo pobwerera anatipatsa nkhuku ndi nyemba. Za katundu wanga sananenenso kanthu, anangondiuza kuti ndikalimbikire sukulu. Botolo analandira Wezi ndi Tamara, ndi lamulo loti azidzolera kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi Amama. Monga ndinkaopera, silinadutse Lamlungu. Iwo silinawachite kanthu.

Pano ndili Fomu 3. Sindinganame kuti vutoli linatheratu. Nthawi yozizira zigongono zimayabwa, ndipo tsiku lina mnzanga atandibwereka sopo wake wonunkhira khosi linatupa. Koma tsopano ndikudziwa chochita, ndipo ndinaphunzira kunena kuti yewo chomene, koma thupi langa limakana zimenezi. Poyamba mawu amenewa ankandilemera, pano amatuluka bwinobwino ndipo palibe amene anakwiyapo nawo. Amayi a Dalitso amadzolabe mafuta awo masiku a ntchito, koma Lamlungu sadzola, chifukwa amakhala pawindo ndi a NyaMhango, amene akuwaphunzitsa nyimbo za Chitumbuka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mtsikana wosesa pabwalo. Ndinapempha kuti andionetse chimene chikundidwalitsa, ndipo anadzaza tchalitchi mpaka kutsala malo amodzi okha, pafupi ndi munthu amene ndinkamuopa kuposa onse. Ndikuthokozanso amayi anga awiri, amene tsopano amaimbirana foni popanda ine.

Inu amene mukuvutika ndi khungu losamva mankhwala, musataye mtima ndipo musafulumire kuloza munthu chala. Pitani kuchipatala, mukanene zonse zimene mumadzola, mumasamba ndi kugwira, komanso matenda a chifuwa ndi mphuno amene ali pabanja panu, ngakhale zikuoneka ngati sizikugwirizana. Inu amene muli ndi mnzanu wa zidzolo, musamusamukire desiki musanadziwe chimene akudwala. Ndipo nonse pitirizani kupemphera, ngakhale yankho likuchedwa kapena likubwera likuyetsemula.

Masiku ano ndikamatuluka m'tchalitchi sindinyamula ambulera, ndipo moni ndimapereka kwa aliyense pakhomo. A NyaMhango akandigwira dzanja salisiya msanga. Amalikweza n'kulinunkhiza ngati akugula nsomba pamsika, kenako amati, “Palibe fungo. Sabata yamawa ukhale pafupi ndi ine.” Ambuye akudalitseni nonse. Yewo chomene.